Wodwala akayamba kukana phala

Pa matenda a kayakaya, mkangano umayambira pa kapu ya phala. Wodwala waluma mano, azakhali akuti mumwetseni basi, wodwazika akuopa kuti abale adzati anamupha ndi njala. Komatu thupi likamatsirizika limasiya lokha kufuna chakudya. Mphamvu yomezera imachepa, ndipo phala lokakamiza limatha kulowera kumapapo, munthu n'kutsamwa.

Pali zizindikiro zinanso. Wodwala amangogona usana ndi usiku, mkodzo umachepa n'kuda, manja ndi mapazi zimazizira poti magazi sakufikako mokwanira. Kapumidwe nako kamasintha: amapuma mothamanga, kenaka zii kwa masekondi angapo, n'kuyambiranso. Pakhosi pamamveka phokoso ngati mkonono chifukwa cha malovu ndi makhololo amene akulephera kumeza. Phokosoli limasautsa kwambiri omvera kusiyana ndi mwini wake, ndipo kumugoneka chammbali kumalichepetsa.

Odwala ena amatchula makolo amene anamwalira kalekale, ati abwera kudzawatenga. Palibe chifukwa chowatsutsira.

Ntchito ya wodwazika pa nthawiyi imagona pa tinthu ting'onoting'ono: kunyowetsa milomo ndi kansalu koviika m'madzi, kuipaka Vaseline kuti isang'ambike, kusintha zofunda zikanyowa, ndi kumutembenuza wodwalayo kuti asatuluke zilonda pamsana. Ululu ukakula, achipatala amapereka mofini wamadzi. Ambiri amamuopa kuti amafulumizitsa imfa, koma akamwedwa pa mlingo umene dokotala wanena, ntchito yake n'kuziziritsa ululu ndi befu. Thandizo lotere limapezeka ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, malo amene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007, komanso m'zipatala za m'maboma.

Nanga wodwala wosayankha amamva? Kafukufuku wa ku University of British Columbia ku Canada, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti ubongo wa odwala ena okomoka unkalandirabe mawu kutatsala maola ochepa kuti amwalire. N'chifukwa chake nkhani za bokosi, zopepesera ndi kugawana katundu n'zokakambira panja. Pamphasa ya wodwala m'pomugwira dzanja, kumutchula mfunda wake, kuimba nyimbo ya kumpingo imene ankaikonda, kupepesana pamene panali chakukhosi, ndi kuitana abusa, ansembe kapena shehe.

Mukaona zizindikirozi, auzeni msanga abale akutali. Mwana amene ali ku Joni sangafike lero, koma muimbireni foni, muiike pakhutu la mayi ake kuti atsanzike.