Icecast

Icecast ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe mawayilesi amagwiritsa ntchito poulutsa mawu pa intaneti. Ntchito yake ndi kulandira mawu kuchokera kwa woulutsa n'kuwagawira anthu onse amene akumvera pa nthawi yomweyo. Ndi yaulere, ndipo malangizo amene anailembera, omwe akatswiri amawatcha source code, ali poyera: aliyense angathe kuwawerenga, kuwasintha ndi kupatsako ena motsatira layisensi ya GNU GPL. Inalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, imagwira pa Linux ndi pa Windows, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la Xiph.Org Foundation.

Mbiri

Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Jack Moffitt ndi Barath Raghavan chakumapeto kwa 1998 ndi kumayambiriro kwa 1999. Moffitt ankafuna kuthandiza wayilesi ya pa yunivesite ya Southern Methodist ku Dallas, m'dziko la America, yomwe sinkamveka patali. Nyumba zogona ophunzira zinali kale ndi mawaya a netiweki, choncho nzeru inali yodutsitsa mawuwo m'mawaya omwewo. Koma mapulogalamu ochitira zimenezi, monga RealAudio, anali okwera mtengo. Cha nthawi yomweyo kampani ya Nullsoft, eni ake a Winamp, inatulutsa SHOUTcast, yomwe munthu ankatha kuigwiritsa ntchito koma osaloledwa kuona kapena kusintha zam'kati mwake. Icecast inapangidwa kuti izigwira ntchito yofananayo popanda chobisa.

Poyamba inkaulutsa mawu a mtundu wa MP3. Apa panali vuto, chifukwa njira ya MP3 inali ndi eni ake, ndipo mu 1998 bungwe la ku Germany la Fraunhofer linayamba kuuza opanga mapulogalamu kuti azilipira. N'chifukwa chake Xiph.Org inalimbikira kupanga njira yakeyake yopanikizira mawu, Ogg Vorbis, yomwe inamalizidwa mu 2002. Icecast nayo inalembedwanso mwatsopano, ndipo Icecast 2 inatuluka mu 2004. Mu 2014 inayamba kunyamulanso mawu a mtundu wa Opus ndi mavidiyo a WebM. Malipiro a MP3 anatha mu 2017.

Mmene imagwirira ntchito

Ongoyamba kumene amaganiza kuti Icecast ndiyo imaseweretsa nyimbo, koma si choncho. Siisankha nyimbo, siijambula mawu pa maikolofoni, ndiponso siisintha mawu kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Zomwe yalandira ndi zomwe imapereka. Kuti wayilesi imveke pamafunika mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi pulogalamu yotumiza mawu, yomwe imakhala pa kompyuta ya mu situdiyo. Imatenga mawu a muulutsi kapena nyimbo, n'kuzipanikiza kuti zichepe, kenako n'kuzitumiza ku seva. Zitsanzo ndi IceS, BUTT, DarkIce, Mixxx ndi Liquidsoap. Mbali yachiwiri ndi Icecast yeniyeniyo, yomwe kawirikawiri imaikidwa pa kompyuta yosazimitsidwa, yokhala ndi intaneti yamphamvu, ngakhale ili kutali ndi situdiyo. Yachitatu ndi womvera, yemwe amatsegula adiresi ya wayilesiyo pa foni kapena pa kompyuta. Popeza mawuwo amayenda m'njira ya HTTP, yomwe masamba a pa intaneti amayenderanso, womvera safunika pulogalamu yapadera.

Seva imodzi ingathe kunyamula mawayilesi angapo. Iliyonse imapatsidwa dzina lake pa adiresi, lomwe limatchedwa mount point, ndipo ngati mwini wake sanasinthe, seva imalandirira pa port 8000. Zonsezi amazilemba m'fayilo yotchedwa icecast.xml. M'fayilo yachitsanzo mawu achinsinsi amakhala akuti hackme, ndipo amene waiwala kuwasintha wasiya khomo lotsegula: wina aliyense angathe kulowa n'kuyamba kuulutsa zake pa wayilesi ya eni. Mwini wayilesi angathenso kukonza zoti magetsi kapena intaneti ya mu situdiyo ikaduka, omvera asamutsidwire ku mount point ina yomwe ikuseweretsa nyimbo, m'malo moti pangokhala zii.

Mawu ochokera pa Icecast amafika mochedwerako masekondi angapo poyerekeza ndi a pa FM, chifukwa foni ya womvera imayamba yasungako pang'ono kuti netiweki ikagwedezeka mawu asadukeduke.

Mtengo wa womvera aliyense

Kusiyana kwakukulu pakati pa kuulutsa pa intaneti ndi kuulutsa mumphepo kuli pa ndalama. Mlongoti wa FM umatumiza mawu kamodzi kokha. Kaya akumvera ndi anthu khumi, kaya ndi mzinda wonse, magetsi omwe ukudya ndi omwewo. Icecast imatumizira womvera aliyense mawu akeake, choncho omvera akamachuluka, katundu wa seva amakulanso. Wayilesi youlutsa pa 128 kbps ikakhala ndi omvera 100 imafuna intaneti yotha kutumiza pafupifupi 12.8 Mbps mosalekeza, ndipo akafika 1,000 imafuna 128 Mbps. Pulogalamuyo ndi yaulere ndithu, koma msewu womwe mawuwo amadutsa ndi wolipira, ndipo wayilesi yaing'ono ikatchuka mwadzidzidzi ikhoza kulephera chifukwa cha kutchuka komweko. Seva ilinso ndi malire a omvera omwe mwini wake amaika, ndipo akakwana, wobwera pambuyo amakanidwa.

Womvera nayenso amalipira. Kumvera kwa ola limodzi pa 128 kbps kumadya pafupifupi 58 MB, pa 64 kbps pafupifupi 29 MB, ndipo pa 32 kbps pafupifupi 14 MB. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku ndi tsiku kusiyana kumeneku si kwamasewera. Apa ndi pamene mtundu wa mawu umakhala wofunika: Opus imamveka bwino ngakhale pa manambala otsika pomwe MP3 imayamba kusasa. Mawayilesi ena amaika ma mount point awiri, ina ya mawu omveka bwino kwambiri, ina yopepuka, kuti womvera asankhe malinga ndi thumba lake.

Njira ina yochepetsera katundu ndi kukhazikitsa maseva othandizira otchedwa relay. Seva yothandizira imatenga mawu ku seva yaikulu ngati womvera mmodzi, n'kuwagawira omvera ake.

Ufulu wa layisensi ya GPL umakhudza pulogalamu yokha. Nyimbo zomwe zikuulutsidwa zimakhalabe za eni ake, ndipo woulutsa amayenera kutsatira malamulo oteteza oimba ndi olemba nyimbo a m'dziko lake.

Mapulogalamu oyandikana nayo

Popeza aliyense amaloledwa kuisintha, Karl Heyes anapanga nthambi yake yotchedwa Icecast-KH, yomwe makampani ambiri obwereketsa maseva a wayilesi amagwiritsa ntchito. AzuraCast imaphatikiza Icecast ndi Liquidsoap n'kuwonjezera tsamba loyendetsera wayilesi, kuti mwini wake asamavutike ndi kulemba m'mafayilo. Mawayilesi ena akuluakulu anasamukira ku njira ya HLS, yomwe Apple inatulutsa mu 2009, yomwe imadula mawu m'tizidutswa n'kumatitumiza ngati mafayilo ang'onoang'ono.