Nchifukwa chiyani zithunzi zathu zakale zinkatuluka "zopsa"?

Tsegulani alubamu ya kwanu, kaya ku Mponela, ku Madisi kapena kwa Malomo, simulephera kupezamo chithunzi chimodzi chodabwitsa: mkwati wadulidwa mutu, mbali ina yafiira ngati moto wolusa, kapena anthu onse angoti bii, kukuwoneka mano okha. Wojambula ankangoti, "Pepani, filimu inapsa." Ena ankamuganizira kuti wadya ndalama ya chikole. Koma nthawi zambiri wolakwa anali kamera, makamaka timakamera totchipa tapulasitiki tija.

Kupsa kwenikweniko nkuwala kolowa mozemba. Chitseko cha kumbuyo kwa kamera yotchipa sichitsekeka bwino, ndiye dzuwa limalowera m'ming'alu. Kuwala kobwera kumbuyo kumayamba kukhudza gawo la filimu lomwe limamva mtundu wofiira, nchifukwa chake chilemacho chimakhala chofiira. Mwana wachidwi akangotsegula chitsekocho filimu isanakulungidwe, basi, zithunzi zingapo zapita.

Nanga mitu yodulidwa? Kabowo kosuzumirapo kali pamwamba, galasi lojambula lili pansi pake. Zomwe diso likuwona si zomwe filimu ikuwona, ndipo kusiyanaku kumakula mukayandikira kwambiri. Galasilo nalonso ndi lapulasitiki, silisinthika, choncho pakati pamawoneka bwino koma m'makona mumada ndi kuchita chimbuuzi.

Vuto lomwe limatikhudza kwambiri kuno ndi la mdima. Kamera yotere imaphethira pa liwiro limodzi lokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Masana a mu Okutobala pamsika zimatheka. Koma lowani nayo m'nkhalango ya Ntchisi pansi pa mitengo ikuluikulu ija, kapena m'tchalitchi pa ukwati, kapena m'mawa wa nkhungu mu Juni, kuwala sikukwana. Tsono onjezerani apa: kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayeza mitundu ya zithunzi potengera khungu la mzungu. Munthu wakuda atavala malaya oyera, ataima chofulatira dzuwa, nkhope inkangosowa. Si kuti agogo anali akuda choncho ayi.

Chosekesa nchakuti zilema zomwezi anthu akunja amazigula dala. Kamera ya Holga, yomwe inayamba kupangidwa ku Hong Kong mu 1982, ndi inzake ya Diana ya m'zaka za m'ma 1960, zimakondedwa chifukwa cha makona akuda ndi kupsa komweko. Ena mpaka amajambula kawiri pamalo amodzi a filimu kuti anthu awoneke ngati mizukwa. Kwathu kuno chithunzi chotero chikanayambitsa mlandu kwa amfumu.

Ngati mwatola kamera yotere pa kaunjika ndipo mukufuna kuyesa, matani tepi yakuda m'mbali mwa chitseko, gulani filimu yolembedwa 400, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo imani mapazi atatu kuchoka kwa amene mukumujambula. Filimu musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotentha, imawonongeka. Komanso musanagule, funsiranitu ku Lilongwe ngati kuli kotsukitsa, poti masitudiyo ambiri anasamukira ku zamakompyuta. Nthawi zambiri filimu imodzi imatenga zithunzi 24 kapena 36 basi. Pa chinkhoswe cha mlongo wanu, foni ikhalenso pafupi.