Wonga suopa bulangete: zoyenera kudziwa mfuti ikagona m'nyumba

Mapiri a ku Chowe ndi ku Namwera fungo la wonga akulidziwa kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1800 mafumu a Chiyao monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi ankalandira mfuti ndi wonga kuchokera kugombe la nyanja ya mchere posinthana ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Mu 1892 ankhondo a Jalasi anathamangitsa asilikali a atsamunda m'mapiri omwewa, ndipo mfumuyi inadzagonja mu 1895. Mabwinja a linga la atsamunda la Fort Mangochi akadalipo m'nkhalango. Mfuti za gogodela nazonso sizinathe. Alonda a nkhalango amalandabe mfuti zoterezi, ndipo pali makomo ena kumene ya agogo imatuluka nguluwe zikavuta m'munda. Chosowa ndi woti afotokoze kuti wonga ndi moto wa mtundu wanji.

Moto wa nkhuni umadalira mpweya. Ukauvundikira ndi dothi kapena chiguduli chonyowa umazima chifukwa wausowetsa okosijeni. Wonga wakuda suli choncho. Mwa zinthu zitatu zimene zili mmenemo, makala ndi sulufule ndizo zimapsa, pamene mchere wa potassium nitrate umatulutsa okosijeni ukatentha. Ndiye kuti wonga umayenda ndi mpweya wakewake. Ukayaka, palibe bulangete kapena mchenga umene ungaufooketse, ndipo nthawi yoti munthu aganize zothawa sipakhala.

Kuphulika kumabwera ndi kupanikizika. Wonga ukamapsa umasanduka mpweya wotentha wochuluka zedi m'kamphindi. Pamtetete mpweyawo umamwazika, ngakhale lawi lake limasenda nkhope ndi manja a amene ali pafupi. M'botolo la galasi kapena m'chitini cholimba chotsekedwa thi, mpweyawo umasowa kolowera n'kuswa chotengeracho, zidutswa zake n'kulasa anthu. Nchifukwa chake m'mayiko momwe alenje ovomerezeka amadzaza okha zipolopolo, malangizo amati wonga ukhale m'chotengera chimene unabweramo, chotengeracho chiikidwe m'bokosi la matabwa lokhoma koma lotha kumasuka mpweya ukachuluka. Sefa yachitsulo ndi yabwino kusungiramo ndalama, osati wonga.

Kuno kunyanja mdani wina ndi chinyezi. Wonga wakuda umayamwa chinyontho, umaumbika timibulu, ndipo sugwira moto msanga. Apa ndi pamene nzeru yathu ya kumudzi imatipusitsa. Chimanga cha mbewu timachipachika patsindwi la khitchini kuti utsi uchiumitse ndi kupirikitsa anankafumbwe, ndiye munthu amaganiza kuti wonga wonyowa nawo ukufuna kufunda kwa mafuwa. Kambaliwali kamodzi kothetheka pa chikuni n'kokwanira, ndipo ngati denga lili laudzu nkhani yathera pomwepo. Kuuyanika pa lata padzuwa la Okutobala, pabwalo podutsa ana ndi osuta fodya, nakonso n'kuputa tsoka. Kuphwanya timibulu tija ndi mpeni kapena msomali n'koopsa chifukwa chitsulo chikakhudzana ndi chitsulo kapena mwala chimathetheka.

Chinyezi chomwechi chimachititsanso ngozi ina. Munthu akoka mfuti, siilira, iye n'kuitembenuza kuti asuzumire kukamwa kwake, pamene moto ukunyeka pang'onopang'ono m'katimo. Mfuti yokana kulira iyenera kulozabe kumene kulibe munthu, osaisuzumira.

Ambiri amaganiza kuti wonga wakale ndi wakufa. Ayi ndithu. Wakuda uja, ukakhala pouma, sukalamba. Mu 2008 ku Virginia, m'dziko la America, chipolopolo cha mzinga chotsala pa nkhondo ya m'ma 1860 chinaphulika n'kupha munthu amene ankachitsuka. Choncho gogodela wadzimbiri amene mwamupeza kudenga pogawana katundu wa malemu mumutenge ngati wodzaza. Wonga wa m'zipolopolo zamakono ndi wina: umapangidwa ndi nitrocellulose, ndipo kutentha kumauwononga pang'onopang'ono mpaka utha kuyaka wokha. Wowonongeka umanunkha mowawasa ndipo umaoneka ndi fumbi lofiirira ngati dzimbiri. Anzathu a ku Mozambique anaziona pa 22 Malichi 2007, pamene nkhokwe ya zida zakale ya Malhazine mumzinda wa Maputo inaphulika n'kupha anthu oposa 100. Akuluakulu analoza chala kutentha kwa nyengo. Mangochi ndi limodzi mwa maboma otentha kwambiri m'Malawi, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni.

Kumbali ya malamulo, nkhaniyi ilibe njira yachidule. Lamulo la mfuti, Firearms Act, limafuna chiphaso kwa aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo, ndipo zophulika zili ndi lamulo lakelake, Explosives Act. Amene ali ndi chiphaso asunge zochepa, pozizira ndi pouma, kutali ndi mbaula, koloboyi, palafini ndi mafuta a injini ya boti, ndipo mfuti ikhale kwina, zipolopolo kwina, kiyi ali ndi iye. Wopanda chiphaso amene wapeza zinthuzi asaziponye m'chimbudzi kapena padzala lotenthapo zinyalala, komanso asazinyamule pa kabaza. Auze mfumu ndi apolisi kuti adzazitenge okha. Makombola amene ana amaphulitsa pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano nawonso muli wonga, ndipo wogulitsa amene amawaika shelefu imodzi ndi machesi ndi makandulo akuyesa mwayi wa anthu onse a pamsikapo.

Ngozi ikachitika, thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe, koma nsalu yomatirira pakhungu musaikanganule. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira ndi zitsamba zotafuna zimangolowetsa tizilombo pabala. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira kuchipatala, kaya cha St Martin's ku Malindi kaya cha boma ku Mangochi, komwe opsa kwambiri amatha kutumizidwa ku Gulupu ku Blantyre. Wopsa kumaso, amene mawu asasa kapena tsitsi la m'mphuno lawauka, asadikire kuti kuche, chifukwa njira ya mpweya imatha kutupa n'kutsekeka patapita maola angapo.