Momwe malonda a dziko lonse amayendera njira ikatsekeka mwadzidzidzi

Pa 23 Marichi 2021, sitima yapamadzi yonyamula makontena yotchedwa Ever Given inatitimira mumchenga n'kupingasa mu ngalande ya Suez m'dziko la Egypt. Sitimayi, yomwe ndi yotalika mamita 400, inatseka njirayi kwa masiku 6, ndipo sitima zoposa 400 zinaima kudikira kuti zidutse.

Ngalandeyi ndi njira yachidule pakati pa maiko a ku Asia ndi a ku Ulaya, ndipo panthawiyo pafupifupi magawo 12 mwa magawo 100 alionse a malonda a dziko lonse ankadutsa pamenepo.

Vutoli linakula chifukwa makampani ambiri sasunga katundu wochuluka m'nyumba zosungiramo katundu. Amaitanitsa zipangizo kuti zifike pomwe zikufunika, pofuna kuchepetsa ndalama zomwe amaononga. Zinthu zikamayenda bwino njirayi imapindulitsa, koma sitima ikachedwa ntchito imaima m'mafakitale.

Chothandiza choyamba pa nthawi yotere ndicho kukhala ndi njira ina. Sitima zina zinazungulira ku Cape of Good Hope, kum'mwera kwa Africa, ngakhale kuti ulendowu umatalika ndi sabata imodzi kapena kuposerapo ndipo umadya mafuta ambiri.

Chachiwiri ndicho kusungiratu katundu wofunikira kwambiri. Chivomezi chitasokoneza mafakitale ku Japan mu 2011, kampani ya Toyota inapempha makampani omwe amaigulitsa zipangizo kuti azisunga tizipangizo tamagetsi ta m'galimoto tokwanira miyezi ingapo. Tizipangizoti titayamba kusowa padziko lonse kumayambiriro kwa 2021, kampaniyi inapitiriza kupanga galimoto pomwe anzake ena anali atachepetsa kale ntchito.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko la Malawi, lomwe lilibe doko la panyanja yamchere ndipo limalandira mafuta agalimoto ndi feteleza kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mu Marichi 2019, namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira ndi kudula msewu wochokera kudokoli. Pa nthawi ngati imeneyi m'pomwe madoko enawo komanso nkhokwe za mafuta za bungwe la NOCMA ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zimakhala zofunika.

Njira zonsezi zimafuna ndalama, ndipo phindu lake silioneka m'zaka zomwe kulibe mavuto. Choncho akuluakulu okonza ndondomeko za chuma ndi ogula katundu wa boma akuyenera kuziganizira ngozi isanagwe, poti njira ikatsekeka nthawi yomanga nkhokwe kapena kusaka wogulitsa wina imakhala itatha kale.