Si Nchenche Iri Yonse Yoluma Imene Iri Kashembe

Dzinja likafika m'midzi ya ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, nchenche zimaculuka m'makola, ndipo ng'ombe ikayamba kuonda alimi amafulumira kunena kuti kashembe wafika. Ena amataya ndalama pogula mankhwala a nthenda imene ng'ombeyo iribe. Komatu kuzindikira nchenche sikulira maphunziro a pa yunivesite. Mlimi ali yense, ngakhale mwana wa sukulu, angathe nchitoyi ngati ali ndi kabotolo koonekera m'kati ndi maso openyetsetsa.

Poyamba penyani mapiko pamene nchenche yatera. Kashembe amasanjikiza mapiko ake, lina pamwamba pa linzake monga sizasi yotseka, ndipo mapikowo amapitirira mimba. Kumutu ali ndi mlomo wonga singano, woloza kutsogolo. Mukayang'ana phiko lake padzuwa, maka-maka ndi galasi lokuza zinthu, mudzaona kuti mitsempha ya pakati yajambula cinthu conga nkhwangwa. Cizindikiro cimeneci ncodalirika kopambana zonse.

Imene imasokoneza anthu ndi nchenche ya m'khola, yochedwa Stomoxys m'mabuku a sayansi. Nayonso iri ndi mlomo woloza kutsogolo, ndipo imaluma ng'ombe m'miyendo ndi agalu m'makutu. Koma msinkhu wake ngwofanana ndi nchenche ya m'nyumba, ndipo ikatera mapiko ake amakhala okanuka.

Kwao kweni-kweni kwa kashembe ndi kuthengo la ku Rufunsa, ku Lower Zambezi ndi ku cigwa ca Luangwa. Tsono popeza amakonda kutsata zinthu zoyenda, amatha kukwera galimoto kapena njinga nafika kutali ndi kwao. Kuopsa kwake kunadziwika kale. M'caka ca 1895 David Bruce anaonetsa ku Zululand kuti kashembe ndiye amanyamula tizilombo ta m'magazi timene timapha ng'ombe. Mu 1910 akatswiri anapeza tizilombo ta kaodzera m'magazi a munthu amene anatenga nthendayo ku Luangwa, ndipo pofika 1912 Kinghorn ndi Yorke, pofufuza m'cigwa comweco, anatsimikiza kuti wofalitsa ndi kashembe.

Codabwitsa ncakuti kashembe wamkazi saikira mazira. Amabala mphutsi imodzi yokha pa masiku 9 kapena 10, ndipo mphutsiyo imalowa m'dothi pamthunzi kufikira itasanduka nchenche patapita pafupi-fupi mwezi. Amaswana pang'ono-pang'ono cotero, ndiye cifukwa cake misampha ya nsalu zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, zopakidwa mankhwala, imamucepetsa msanga. Mukagwira nchenche imene mukuikaikira, musaifinye. Iikeni m'botolo, lembani tsiku ndi malo amene mwaigwira, ndipo muipereke kwa alangizi a za ziweto. Iwo adzapima magazi a ng'ombe asanakuuzeni mankhwala ogula.

Koma nchenche imene imasautsa mabanja ambiri m'dera lino siiluma konse. Iyi ndi nchenche ya mphutsi, yochedwa Cordylobia anthropophaga: yonenepa, yacikasu modera, yokulirapo kuposa ya m'nyumba, ndipo imakonda mthunzi. Yaikazi imaikira mazira 100 kufikira 300 pamcenga ponunkha mkodzo, kapena pa zobvala zacinyezi zoyanikidwa pansi. Pasanathe masiku atatu timphutsi timaswa, ndipo tikakhudza khungu la munthu, galu kapena khoswe timaboola ndi kulowa. Pamalopo pamatupa ngati cithupsa cokhala ndi kabowo pakati, popumira mphutsiyo. Anthu ambiri amaciyesa cithupsa wamba, mwina nkuyamba kuganizirana zoipa pamudzi, pamene mwini mlandu ali phee kuseri kwa nkhokwe.

Mphutsiyo imakhala m'khungu masiku 8 kufikira 12, kenaka imagwa pansi. Mukapaka mafuta a Vaseline pa kabowoko imasowa mpweya niyamba kutuluka, ndipo mungaifinye pang'ono-pang'ono kucokera m'mbali. Ngati iri pafupi ndi diso, kapena cironda cacita mafinya, pitani naye wodwalayo ku cipatala.

Amai ayanike zobvala pacingwe, padzuwa lowala, osati paudzu kapena pansi pa mtengo. Zikauma azisite mbali zonse ziwiri ndi simbi yotentha bwino, maka-maka matewera a ana ndi m'misoko, mmene mazira amabisala.