Anyamata Awiri a ku Chileka ndi Nyimbo Zochokera Kutsidya kwa Nyanja

Ambiri a ife tikamva gitala wa Daniel Kachamba timangoti ndi nyimbo zakale za kwathu, ngati kuti zinangomera pompano monga bowa. Ine ndifuna kukufotokozerani njira imene nyimbozi zinadzera, pakuti ndi yaitali ndithu. Inayambira ku Amereka, inadutsa ku Joni ndi ku Halale, kenaka inafika m'manja mwa anyamata awiri a mimba imodzi, Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka.

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anyamata akuda a m'mizinda ya New York, Philadelphia ndi Chicago ankasonkhana m'mphepete mwa misewu madzulo namaimba popanda choimbira chilichonse, pakuti ndalama zogulira analibe. Mmodzi ankatsogolera nyimbo, wina ankatsika pansi ndi besi, ndipo otsalawo ankathirira timawu topanda tanthauzo tongokometsera. Timawu timeneti ndi timene tinapatsa maimbidwewa dzina loti doo-wop. Anyamatawa anaonera akulu awo, a Ink Spots ndi a Mills Brothers, amene ankatha kuliza lipenga ndi pakamwa pokha. Nyimbo zovinitsa za anthu akuda a kumeneko zinayamba kutchedwa rhythm and blues mu 1949, ndipo ena ankaziimba awiriawiri, monga Shirley ndi Lee a ku New Orleans, kapena Mickey ndi Sylvia.

Mbale za galamafoni ndi zithunzi za kanema zinanyamula nyimbozi mpaka ku Johannesburg. Kumeneko kunadzuka gulu la Manhattan Brothers, limene Miriam Makeba anaimbamo ali mtsikana, ndipo linkaimba mwa njira ya ku Amereka koma m'zinenero za kwawo. Tsono ana a m'makomboni, poona kuti sangathe kugula malipenga a jazi, anatola kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6, kotsika mtengo, nayamba kuliza pa iko zimene akuluakulu ankaliza pa malipenga. Maimbidwe awo ndiwo kwela. Liwuli ndi lomwe lija ife timati kwera, ndipo galimoto la apolisi limene linkagwira anthu m'misewu ankalitcha kwela-kwela. Katswiri wa chitolirochi anali Spokes Mashiyane. Mu 1958 nyimbo ina ya kwela yotchedwa Tom Hark inagulidwa kwambiri mpaka ku Mangalande.

Nanga zinafika bwanji kuno? Masiku amenewo amuna a Nyasaland, kuphatikizapo agogo athu a kuno ku Karonga, ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ya ku Northern Rhodesia ndi m'mizinda ya ku Southern Rhodesia. Ena anatchona, koma amene ankabwerera ankafika ndi sutikesi, jekete, ndipo mwina galamafoni kapena gitala. Kuyambira 1949 kunabweranso kawailesi kotchipa kooneka ngati poto, kamene anthu ankamverapo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Kuno kwathu abale ena awiri, a Paseli, anali atatchuka kale ndi magitala awo, makamaka ndi nyimbo ya Napolo amene anasakaza Zomba mu 1946.

Daniel Kachamba anabadwa mu 1947. Bambo awo, a James Kachamba, anatenga banja kupita nalo ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo anawo anakulira pakati pa kwela ndi jaivi. Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anapanga gulu lawo ndi anzawo ochepa, namaimba m'misewu ya Blantyre ndi m'malo a chisangalalo, anthu n'kumawaponyera timakobidi. Daniel ankagwira gitala, ndipo Donald, ali kamnyamata ndithu, ankaliza chitoliro.

Zoimbira zawo n'zofunika kuziyang'anitsitsa, pakuti nzeru yawo yagona pamenepo. Mzungu amene anapanga chitoliro chija anafuna kuti munthu azingochigwira ndi milomo n'kuuzira, ndipo chikalira motero mawu ake ndi owonda ngati a mwanapiye. Anyamata a kwela ankachilowetsa m'kamwa kwambiri, mopendeketsa cha ku tsaya, kotero kuti mawu ake ankakula, ndipo ankatha kuwapinda ndi kuwaliritsa monga munthu wodandaula. Besi wawo anali bokosi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Woimba akakoka ndodo chingwe chimalimba ndipo mawu amakwera, akaifewetsa mawu amatsika. Ameneyu ndiye babatoni. Pamwamba pa izi panali maseche osunga kayendedwe ka nyimbo. Daniel akamaimba yekha ankakodola nsambo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi: chachikulu chikuyendetsa besi, chinacho chikuyankha pamwamba, iye mwini akuimba, mwakuti womvera ali kuseri angalumbire kuti oimba alipo atatu. Magule awo anali ndi maina ake, monga sinjonjo, saba-saba ndi simanjemanje.

Mbewu ya ku Amereka imaonekera poyera m'kamangidwe ka nyimbo zina. Nyimbo ya blues imakhala ndi zigawo 12: woimba amatchula mzere umodzi, amaubwereza, kenaka amadziyankha ndi mzere wachitatu, gitala akusintha kagwiridwe katatu kokha. Kamangidwe kameneka kanalowa mu kwela. Koma nyimbo zambiri za kwathu kuno zimayenda mozungulira, kachigawo kafupi kakubwerezedwa mpaka ovina atatopa, ndipo oimba a kwela anakokera blues ija ku chizolowezi chimenechi.

Alipo ena amene amanena kuti zonsezi kunali kungoonera Azungu ndi anthu a ku Amereka. Ine sindivomereza. Ife a kuno kunyanja tikudziwa malipenga. Makolo athu anaona perete wa asilikali, ndipo anatenga zikho, naziboola, nazisandutsa malipenga awo, mayunifolomu oyera ndi maudindo omwe. Kodi alipo amene angaime pa bwalo ku Karonga kapena ku Nkhata Bay nanena kuti gule ameneyu ndi wa Azungu? A Kachamba anachita chimodzimodzi. Anatenga kayendedwe kachilendo naikamo Chichewa, nkhani za ukwati, za imfa, za umphawi ndi za miseche ya m'mudzi. Kunena zoona, blues yomweyo inapangidwa ndi zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuchokera ku Afrika, kotero tinganene kuti mwana anangobwera kudzaona kwawo kwa amayi ake.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre. Anawatsatira ku Singano, anajambula mawu awo ndi kanema yemwe, ndipo mu 1974 buku lake lonena za gulu lawo linasindikizidwa m'Chingerezi. Chifukwa cha ntchito imeneyi tingathe kuona ndi maso m'mene Donald ankagwirira chitoliro ali mwana, pamene za oimba ena ambiri a nthawi imeneyo tinangotsala ndi mbiri ya pakamwa. M'zaka za m'ma 1970 abalewa anayamba kuitanidwa kunja, ndipo aliyense anatsata njira yake. Daniel anatchuka ndi gitala wake pa wailesi ya MBC, anthu namutcha Dokotala, ndipo anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anayenda maiko ambiri ndi chitoliro chake, Kubik akuimba naye m'gulu limodzi. Mu 1999 anaitanidwa ku yunivesite ya California ku Los Angeles kukaphunzitsa ophunzira a ku Amereka kaimbidwe ka kwela ya ku Chileka. Atabwerera kumudzi anamwalira mu Januwale 2001.