Kodi mumadziwa? Zobisika za m'kati mwa selo

Kodi mumadziwa kuti maselo a zamoyo zonse ali m'magulu awiri okha? Loyamba ndi la ma prokaryote, monga mabakiteriya a kolera ndi a TB. Lachiwiri ndi la ma eukaryote, lomwe muli maselo a anthu, nyama, zomera, bowa ngakhalenso kachirombo ka malungo.

• Selo la bakiteriya lili ngati nyumba ya chipinda chimodzi: kuphika momwemo, kugona momwemo, katundu momwemo. Selo lanu ndi nyumba ya zipinda zambiri. DNA imasungidwa mu nyukiliyasi, mphamvu zimapangidwa m'ma mitochondria, ndipo zotha ntchito zimagayidwa m'ma lysosome, momwe muli asidi wosayenera kusakanikirana ndi zina.

• Bakiteriya wa E. coli, amene amakhala m'matumbo mwathu, ndi wamtali pafupifupi ma micrometre 2. Milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000, choncho mabakiteriya 500 atandandalikana angokwana milimita imodzi basi. Maselo ambiri a nyama ndi zomera amayambira pa ma micrometre 10 kufika 100.

• N'chifukwa chiyani mabakiteriya sakula kwambiri? Chakudya chimalowera pakhungu la selo n'kumafalikira chokha m'kati. Selo likakula kawiri mbali zonse, khungu limawonjezeka ka 4 koma m'kati mumawonjezeka ka 8, ndiye khungulo limalephera kudyetsa thupi lonse. Zipinda ndi njira zonyamulira zinthu n'zimene zimalola maselo a eukaryote kukula osafa ndi njala.

• Koma zimphona ziliko. Mu 1997, m'matope a pansi pa nyanja kufupi ndi Namibia munapezeka bakiteriya wotchedwa Thiomargarita namibiensis, amene amafika mamilimita 0.75 ndipo amaoneka ndi maso. Chinsinsi chake n'chakuti pafupifupi m'kati monse ndi thumba losungira nitrate, pomwe mbali yamoyo ndi yopyapyala, yoyandikana ndi khungu.

• Mu 2022 asayansi analengeza za m'bale wake, Thiomargarita magnifica, wa m'madambo a m'mbali mwa nyanja ku Guadeloupe. Ameneyu amatalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo DNA yake amaisunga m'timatumba totsekedwa, chinthu chachilendo kwa bakiteriya.

• DNA ya m'selo limodzi la munthu itatambasulidwa ingatalike pafupifupi mamita 2, komatu yonseyo imapindidwa mwaluso n'kukwana mu nyukiliyasi yosaoneka ndi maso.

• Maselo ofiira a magazi anu alibe nyukiliyasi. Amaitaya akamakhwima, malo onse n'kusiyira hemoglobin yonyamula okosijeni, ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. A nkhuku, nyukiliyasi ali nayo.

• Kutalika kumatheka ngati selo lili lowonda. Selo limodzi la mtsempha wa uthenga, lochokera kumunsi kwa msana kukafika kuchala chakuphazi, limatha kukwana mita imodzi.

• Ma mitochondria ali ndi DNA yawoyawo ndipo amachulukana pogawikana ngati mabakiteriya. Mu 1967 Lynn Margulis anafotokoza kuti kalekale anali mabakiteriya odziimira paokha amene anakhazikika m'selo lina. Anu munawatengera kwa mayi anu.

• Kusiyana kwa maselo a mabakiteriya ndi a anthu kumapulumutsa miyoyo. Penisilini amalepheretsa bakiteriya kumanga chikuta chake cholimba, chomwe maselo a munthu alibe, n'chifukwa chake amapha kachirombo n'kusiya wodwala. Sangachize malungo, pakuti kachirombo kake ndi ka eukaryote, ndipo sangachize chimfine, pakuti mavairasi ake si maselo n'komwe. Musagule mankhwala opha mabakiteriya mwachisawawa. Pitani kuchipatala akakuyezeni kaye.